Mafunso ndi mayankho: makatuni, anzathu omwe timapeza, ndi za ku Comic Con

Awa ndi mafunso omwe anthu amandifunsa kawirikawiri akangodziwa kuti ndimakonda makatuni ndi anime komanso kuti ndinapondako ku Comic Con Africa, msonkhano waukulu wa okonda makatuni, ku Joni. Ena ndi a achinyamata omwe angoyamba kumene, ena ndi a makolo omwe ali ndi nkhawa ndi ana awo, nde ndangowayankha onse pamodzi.

Kodi munthu wamkulu ndevu pepeya nkumaonera makatuni, si zachibwana zimenezo?

Ayi si zachibwana. Ambirife tinakula tikudziwa kuti katuni ndi ija amaika mmawa kapena ana akaweruka kusukulu, mphaka kuthamangitsa khoswe basi, nde mmutu mwathu munakhazikika zoti chilichonse chojambula pamanja ndi cha ana. Koma ku Japan komwe anime imachokera anazigawa kalekale, pali shonen ya anyamata achisodzera, shojo ya atsikana, kenako seinen ndi josei zomwe ndi za akuluakulu ndithu, nkhani zake za ntchito, banja, nkhondo, ndale, maliro, zina zoti mwana simungamulole nkomwe kuti aonere. Mafilimu a Hayao Miyazaki wa ku Studio Ghibli awina Oscar kawiri, mu 2003 ndi mu 2024. One Piece inayamba ngati manga (mabuku a nkhani zojambula a ku Japan) mu 1997, pa TV inafika mu 1999, maepisodi anadutsa 1000 kalekale ndipo nkhani sinathe, nde tangoganizani mwana amene anaiyamba ali ku pulayimale pano ndi bambo wa ana ake, mukufuna aisiyire panjira chifukwa choti wamera ndevu?

Nanga zimatheka bwanji kuti katuni ikupezere mnzako?

Ili nde funso lomwe ndimalikonda kwambiri. Chovuta pocheza ndi munthu wachilendo ndi poyambira, mukapatsana moni mwadzuka bwanji ndadzuka bwino kaya inu, nkhani yathera pompo aliyense wagwira foni yake. Koma mukaona munthu mu minibasi wavala tisheti ya katuni yomwe mumaikonda, kapena wamata sitika pa laputopu, kapena chithunzi cha pa foni yake ndi munthu wa mu anime, poyambira mwapapeza kale, mumangofunsa kuti aise uli pa episodi chani, ndipo ndikukuuzani munthu yemwe anali chete njira yonse amatembenuka maso ali gwa nkuyamba kulongolola mpakana kupitirira siteji yake.

Kwathu kuno pali chinanso chomwe chimatimanga pamodzi, intaneti ndi yodula. Si aliyense angakwanitse bandulo yoonera sizoni yonse, nde zimachitika ndi zoti mmodzi ali ndi Wi-Fi kuntchito kapena wagula bandulo ya usiku, wina ali ndi hadi diraivi, wina ali ndi laputopu ya batire yolimba yoti magetsi akazima imapirira, mapeto ake mumapezeka anthu angapo mwapanikizana pa bedi limodzi ku hositelo, laputopu mwaikhazika pa mpando, wina wagwirizira kasipika pafupi kuti mawu amveke, wina akuwerenga ma subtitle mokweza chifukwa mnzake wakhala patali sakuona bwino. Fulashi imayenda nyumba ndi nyumba ngati mbale ya ndiwo pakati pa maneba, ndipo munthu amene wakubweretsera fulashi sabwerera pakhomo, amalowa, mumamwa tiyi, amadziwana ndi amayi anu.

Pakapita nthawi mumazindikira kuti simukukambanso za makatuni zokha. Mukuuzana za mayeso, za kusowa kwa ntchito, wina akukonzera mnzake CV, wina wagonekedwa kuchipatala gulupu yonse yasonkha kangachepe. Anzanga ena omwe anabwera kudzagona nafe pa maliro akwathu ndinadziwana nawo chifukwa cha mkangano wa anime. Ndipo Akira Toriyama, yemwe analemba Dragon Ball, atamwalira mu March 2024, anthu omwe tinatayana kalekale tinalemberana tsiku lomwe uthenga unamveka, kungofunsana kuti wamva? Munthu sitinamuonepo ndi maso koma tonse tinakula naye.

Ine ndine wamanyazi, ndiyambire pati?

Ambiri mwa ife ndife amanyazi, musaone ngati muli nokha. Yambani ndi kulowa gulupu ya WhatsApp kapena ya Facebook kapena Discord ya okonda anime, khalani kaye chete muone mmene anthu amachezera, kenako funsani funso losavuta loti ndamaliza yakutiyakuti, ndionerenso chani? Palibe chomwe okonda makatuni amasangalala nacho kuposa funso limeneli, mayankho adzabwera ochuluka moti simutha kuwamaliza. Mukaonera yomwe wina anakuuzani bwererani mukamuuze mmene mwaionera, olo simunaikonde muuzeni chifukwa chake. Ubwenzi wambiri umayambira pamenepo.

Bwanji mmagulupu mumangokhalira kukangana?

Mikangano yambiri ndi yokoma, ndi mbali ya macheza. Uyu angamenye uyu, ayi sangathe, kuonera mu Chijapani ndi ma subtitle nde zenizeni, ayi ya mawu a Chingerezi ilinso bho, manga imaposa anime, zoterozo anthu amatha nazo usiku wonse mawa nkudzuka ali pachibale. Zomwe zimaononga gulupu ndi ziwiri. Choyamba ndi kuulula mathero, munthu wasunga episodi sabata yonse akudikira malipiro kuti agule bandulo, wina nkungoponya chithunzi choti wakutiwakuti wafa, zimapweteka zimenezo, chenjezani kaye ndipo dikirani masiku angapo. Chachiwiri ndi kunyoza atsopano, zija zoti iwe waonera ziwiri zokha si iwe fani weniweni, kapena kumufunsa mtsikana mafunso ngati ali pa mayeso kuti aonetse ngati akudziwadi. Zimenezi ine ndimadana nazo kwabasi. Tonse tinayamba ndi katuni imodzi, ndipo gulupu yothamangitsa atsopano imafa yokha.

Kodi ndi bwino kukumana ndi munthu amene ndadziwana naye pa intaneti?

Ndi bwino koma mwanzeru. Koyamba kumanani masana, malo a anthu ambiri, ndipo bola mukhale kagulu kusiyana ndi awiri. Uzani wina kunyumba komwe mukupita, khalani ndi thiransipoti yanu yobwerera mthumba. Munthu akamakakamira kuti mubwere kwawo muli nokha, kapena wangoyamba kupempha ndalama kapena zithunzi zachilendo, musiyeni ndipo auzeni ma admin. Ngati simunakwane zaka 18 pitani ndi achimwene kapena achemwali anu, ndipo akuluakulu a mugulupu ndi udindo wathu kuonetsetsa kuti ana akutetezedwa.

Comic Con yomwe mumaitchulayi ndi chani kwenikweni?

Ndi msonkhano waukulu wa okonda makatuni, mabuku a zithunzi, anime, magemu ndi mafilimu, umachitika masiku angapo mu holo zikuluzikulu. Yotchuka kwambiri ndi ya ku San Diego ku America, inayamba mu 1970 ndi anthu mahandiredi ochepa chabe mu hotela, pano kumafika anthu oposa 130,000. Ku Japan kuli Comiket yomwe inayamba mu 1975, imachitikira ku Tokyo Big Sight kawiri pachaka, August ndi December, ndipo kukongola kwake ndi koti ogulitsa ambiri ndi mafani omwe ajambula okha timabuku tawo. Ku Los Angeles kuli Anime Expo kumayambiriro a July, ku Nagoya ku Japan kuli World Cosplay Summit yomwe inayamba mu 2003 (cosplay ndi kuvala ngati munthu wa mu katuni, mu gemu kapena mu filimu). Chomwe ndimafuna anthu aone apa ndi choti zina mwa izi, ngati ya ku San Diego ndi Comiket, sizinayambe ndi makampani akuluakulu, anayambitsa ndi anthu wamba omwe amangofuna malo okumanirana ndi anzawo.

Yapafupi ndi ife ndi iti?

Yaikulu ndi Comic Con Africa ku Johannesburg. Inayamba mu 2018 ku Kyalami, mu 2019 inali ku Gallagher Convention Centre ku Midrand, kenako Covid inasokoneza, ndipo kuyambira 2022 yakhala ikuchitikira ku Johannesburg Expo Centre ku Nasrec, pafupi ndi FNB Stadium. Imatenga masiku anayi, zaka zambiri yakhala mu September pafupi ndi holide ya ku South Africa ya pa 24, koma masiku amasintha nde onani pa tsamba lawo musanagule tiketi ya basi. Ku Cape Town kulinso yake yomwe inayamba mu 2023. Ku Lusaka anzathu a ku Zambia amapanganso Comic Con yawo, ndipo kwa munthu wa ku Lilongwe kumeneko nde kufupi, kungodutsa pa Mchinji, Chipata, basi wafika. Ku Nairobi ndi ku Lagos ziliko. Abale omwe muli ku UK muli ndi MCM Comic Con ku ExCeL ku London, kawiri pachaka, May ndi October. Ndipo inu a Malawi okhala ku Joni, zimandidandaulitsa kuti ena mwakhala zaka pafupi ndi Nasrec osalowako olo tsiku limodzi, pitani mukaone.

Ulendo wa ku Joni ndikonzekere bwanji?

Pasipoti kaye, ndipo ikhale yoti sikutha msanga. Pa basi kuchokera ku Blantyre mumadutsa Mwanza, kulowa Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge, ulendo wake mumagona mnjira ndipo pa boda mizere imatha kutalika, choncho musapange zofika mmawa wa tsiku lomwelo, fikani tsiku limodzi kapena awiri zisanayambe kuti thupi lipume. Tiketi yolowera gulani pa intaneti nthawi ikadalipo makamaka ya Loweruka chifukwa nde tsiku lodzadza. Ndalama muwerengere zinayi, basi, kogona, chakudya, ndi thiransipoti ya mtauni, kenako muikepo kapadera ka zogula mkatimo chifukwa mtima udzafuna chilichonse. Apa mpomwe anzanu amathandiza, mukakhala anayi chipinda mumagawana, Uber kapena Bolt mumagawana, ndipo magulupu ena amachita chipereganyu miyezi ingapo kuti aliyense akwanitse. Ngati muli ndi mbale ku Joni muuzeni msanga, osangomutulukira ndi chikwama cha mawigi. Ndipo mtauni muja samalani foni, musamayende nayo pamanja usiku.

Mkatimo mumachitika chani?

Chinthu choyamba ndi mzere wa pa geti, ndipo macheza amayambira pompo. Kutsogolo kwanu kuli munthu wavala zida za msilikali za foam akutuluka thukuta, mnzake akumumata phewa lomwe lamatuka ndi guluu, kumbuyo kuli mayi ndi ana ake onse avala mofanana, wina akupemphani kuti mumugwirireko lupanga lake amange nsapato. Palibe amene akudabwa mnzake. Kwa munthu amene wakula akusekedwa kuti umaonera za ana, mphindi imeneyo imakhudza mtima kwambiri, kuona anthu masauzande akuda, azungu, amwenye, agogo ndi ana omwe, onse akukonda chomwe iwe unkabisa.

Mukalowa muli masiteji omwe alendo otchuka amayankha mafunso, muli mbali ya magemu ndi mipikisano yake, muli mpikisano wa cosplay, muli malo a ana, muli mashopu a matisheti, zidole ndi manga. Kujambulitsa ndi osewera mafilimu otchuka kapena kusainitsa kumakhala ndi mtengo wake wapadera, tiketi ya pa geti siphatikiza zimenezo. Koma ine malo omwe ndimakuuzani kuti musaphonye ndi Artist Alley, mizere ya matebulo komwe ojambula amakhala ndi ntchito zawo. Kumeneko mumalankhula ndi mwini wake maso ndi maso, amakuonetsani sikechibuku yake, amakuuzani kuti tsamba limodzi linamutengera nthawi yaitali bwanji, mukagula kachithunzi kamodzi ndalama yalowa mthumba mwa munthu amene wagwira ntchitoyo. Ngati mumajambula nyamulani zanu muwaonetse, ambiri ndi omasuka ndipo amalangiza bwino.

Valani nsapato zofewa, nyamulani botolo la madzi ndi power bank, ndipo gwirizanani ndi anzanu malo okumanirana mukatayana chifukwa netiweki imavuta anthu akachuluka.

Kodi ndikuyenera kuvala cosplay?

Ayi, ambiri amangovala jinzi ndi tisheti ndipo amasangalala chimodzimodzi. Koma ngati mtima ukufuna yesani, chifukwa chovala chimakuyambira macheza chokha, anthu amakuitanani ndi dzina la munthu amene mwavalayo ndipo olo wamanyazi amapezeka akumwetulira pa zithunzi.

Ndipo musaganize kuti mpaka muitanitse zodula kunja. Kaunjika ndi chuma, majekete, malaya oyera, mataye, mabuti, malamba, zonse zili pa msika ngati muli ndi chithunzi pa foni komanso kuleza mtima kofukula. Atelala athu ndi aluso, chofunika ndi kuwapatsa zithunzi zooneka bwino za kutsogolo, kumbuyo ndi mmbali, ndipo apatseni nthawi yokwanira osati sabata yomaliza. Zida ndi zipewa anthu amapanga ndi makatoni kapena timphasa ta foam tija tochitira masewero olimbitsa thupi, nkumata ndi guluu amene amagwiritsa ntchito okonza nsapato, mumapaka mbali zonse ziwiri, kudikira aume pang'ono, kenako nkugwirizitsa, ikatero siimatukanso. Penti yake pakani kangapo mopyapyala. Musanyamule mpeni kapena chikwanje chenicheni, pa geti amayang'ana zida zonse ndipo zachitsulo zakuthwa salola. Kupanga chovala pamodzi ndi anzanu usiku, wina akudula wina akusoka wina akuphika nsima, nthawi zambiri kumakoma kuposa tsiku lovala lenilenilo.

Koma anthu ambiri a mu anime ndi oyera, ine wakuda zindikhala?

Zikukhalani bwinobwino. Chomwe chimadziwikitsa munthu wa mu katuni ndi chovala, tsitsi, kaimidwe ndi zomwe wanyamula. Musadzole zoyeretsa khungu, musadzipake ufa kumaso kuti mufanane naye, valani mmene mulili. Ena amaluka tsitsi lawo mwa mtundu wa munthuyo mmalo mwa wigi, ena amasokera chovalacho ndi chitenje, ndipo kwa ine zimenezo nde zimakongola koposa chifukwa palibe wina padziko amene wavala chimodzimodzi. Alipo a pa intaneti omwe amalemba zachipongwe pansi pa zithunzi za ma cosplayer akuda, ablokeni basi musalimbane nawo.

Ndine mtsikana, sindikavutitsidwa?

Misonkhano yambiri ili ndi lamulo lomveka loti chovala cha munthu si chilolezo choti umugwire kapena kumujambula mobisa, ndipo pali achitetezo omwe mungawauze wina akakusowetsani mtendere. Anyamata tamverani, pemphani kaye musanajambule, pemphaninso musanaike dzanja pa phewa, akakana nenani zikomo nkumapita. Munthu akudya kapena wakhala pansi watopa musiyeni apume. Atsikana ndi ambiri zedi kumeneko, ojambula, osoka, oweruza mipikisano, si alendo ayi ndi eni ake.

Makolo anga akuti zimenezi ndi zausatana, ndiwauze chani?

Musawanyoze, nkhawa yawo ili ndi pochokera. Akaona chithunzi cha munthu wa nyanga kapena maso ofiira pa foni ya mwana wawo ndipo sakudziwa nkhani yake, mantha amabwera. Ndipo kunena zoona si anime iliyonse yoyenera aliyense, zina zili ndi magazi ambiri, zina zolaula, nchifukwa chake pamakhala zaka zoyenera kuonera. Njira yabwino ndi kuwaonetsa. Sankhani filimu yofatsa ya banja kapena ya masewero a mpira muonere limodzi, afotokozereni kuti ndi nthano zojambula, mmene nthano zathu zilili ndi akalulu olankhula ndi zilombo. Abweretsereni anzanu kunyumba awadziwe. Kholo likaona kuti sukulu ikuyenda, ntchito zapakhomo mukugwira, anzanu ndi aulemu, mtima umakhala pansi. Kwa makolo omwe mukuwerenga, mfunseni mwana wanu kuti akufotokozereni nkhani yomwe akuonera, mudzadabwa mmene adzamasukire nanu.

Kodi makatuni a ku Africa kuno aliko?

Aliko ndipo akuchuluka. Ambiri tinakula tikuona Supa Strikas ya ku South Africa. Mu 2023 pa Netflix panatuluka Supa Team 4 yomwe anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, nkhani ya atsikana anayi a sukulu mu Lusaka wa mtsogolo, anaipanga ndi situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town. Kuona mzinda wa pafupi ndi kwathu pa katuni, mayina omveka ngati a kwathu, zimapatsa mphamvu mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene amajambula kumbuyo kwa kope la masamu. Nde mukapeza kangachepe lipirani zinthu zovomerezeka ngati Crunchyroll kapena Netflix, gulani ntchito za ojambula akwathu, chifukwa ojambulawo nawonso amadya.

Ndilibe ndalama za Joni, nditani?

Yambitsani kwanu konko. Simufunika holo yaikulu, pezani anthu khumi a mugulupu, gwirizanani Loweruka masana pa malo otseguka kapena pemphani kalasi kusukulu kapena ku koleji, wina abweretse projekita kapena TV, wina sipika, aliyense asonkhe ya zakumwa ndi mandasi. Ikani ka mpikisano ka mafunso, ka mpikisano kojambula, ovala cosplay avale, omwe ali ndi manga abwere nazo anzawo awerenge. Pakhale munthu mmodzi kapena awiri omwe ntchito yawo ndi kulandira obwera koyamba, kuwafunsa dzina ndi kuwakhazika pakati pa anzawo, chifukwa munthu wamanyazi akafika nkuima yekha pakona sabweranso. Malizani kusanade kuti aliyense apeze minibasi. Chofunika kwambiri ndi kubwereza, mwezi ndi mwezi tsiku lodziwika, olo mubwere asanu okha pitirizani, anthu amazolowerana akamaonana kawirikawiri.

Nanga anthu omwe ndakumana nawo ku Comic Con, tikabalalika zimathera pompo?

Zimatengera inu. Masiku oyamba mukabwerako mumamva kusungulumwa, dzulo munali pakati pa anthu masauzande lero muli pa desiki kuntchito, zimachitikira ambiri. Musanachoke tenganani manambala kapena ma handle a Instagram, ndipo lembani penapake kuti uyu ndi uja anavala chakuti chifukwa mukafika kunyumba mayina amasokonekera. Mtumizireni munthu zithunzi zomwe munamujambula sabata yomweyo, muikeni tagi wojambula amene munagula ntchito yake, ndipo masiku a chaka chamawa akangolengezedwa lemberanani msanga kuti muyambe kusunga ndalama ndi kupeza kogona pamodzi.